Empire ya ku Brooklyn: mafunso ndi mayankho pa za holo ya ma skate ija inatsekedwa mu 2007

Chiyambireni timavidiyo ta anthu ovina pa nsapato zamatayala kudzaza pa TikTok ndi Instagram, anzanga ambiri akumandifunsa za Empire poti amadziwa kuti ndinakhalako ku Flatbush, dera la ku Brooklyn komweko, malowa asanatsekedwe. Mafunso ake amangokhala omweomwewo, nde ndangoti ndiwaike pamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera pano.

Empire yo inali chani kwenikweni, nanga inali pati?

Inali rink, kutanthauza chiholo chachikulu chokhala ndi bwalo lamatabwa osalala pomwe anthu ankazungulira atavala ma skate, nsapato zamatayala zija, nyimbo zikulira. Inali pa 200 Empire Boulevard ku Crown Heights, Brooklyn, mu mzinda wa New York, kufupi ndi Prospect Park. Ukatsika sitima pa siteshoni ya Prospect Park unkangoyenda pang'ono basi wafika. Kunja kwake kunalibe chokopa ayi, chinyumba chabe chachitali mbali ya msewu, munthu wosadziwa akanangodutsa. Dzina linkasinthasintha, poyamba Empire Rollerdrome, kenako Empire Roller Disco, pomaliza Empire Roller Skating Center, koma anthu ankangoti Empire.

Msewu umenewu nawo uli ndi kambiri kake. Kale unkatchedwa Malbone Street, koma mu 1918 sitima inachita ngozi pamenepo nkupha anthu oposa 90, ndiye akuluakulu a mzinda anasintha dzina kuti anthu asamangokumbukira maliro akatchula msewuwo.

Inayamba liti?

1941. Chinyumbacho poyamba chinali galaja yoimikamo magalimoto a anthu opita kukaonera baseball pa Ebbets Field, bwalo la timu ya Brooklyn Dodgers lomwe linali cha pomwepo, komwe Jackie Robinson anayambira kusewera mu 1947 ngati munthu wakuda woyamba mu ligi yaikulu ya masiku ano. Banja la a Swanson ndi lomwe linasandutsa galajayo kukhala rink nkuyala matabwa a mtengo wa maple. Mu 1956 inapita m'manja mwa abale awiri, Henry ndi Hector Abrami, ndipo banja limeneli ndi lomwe linaiyendetsa zaka zambiri zomwe inatchuka.

Ma Dodgers anasamukira ku Los Angeles itatha sizoni ya 1957, Ebbets Field anaigwetsa mu 1960 nkumangapo ma flat aatali. Galaja yake ija nde inakhalitsa kuposa bwalo lomwe inkatumikira, inakokabe mpaka 2007.

Nyimbo za disco zinalipo chiyambire?

Ayi ndithu. Zaka zoyambazo m'ma rink ambiri a ku America munkalira organ, munthu atakhala pakona akuimba ma waltz, anthu nkumazungulira mwaulemu awiriawiri msana uli chilili. Nthawi imeneyonso dera la Crown Heights munali azungu ambiri. Kuyambira m'ma 1950 kupita m'ma 1960 deralo linasintha, kunabwera anthu akuda ochokera kumwera kwa America komanso a ku zilumba za Caribbean, a ku Jamaica, Trinidad, Barbados, Haiti, ndipo makasitomala a Empire anasintha nawo limodzi. Anthu amenewa kunyumba kwawo ankamvera jazz ndi R&B, nde kubwera ku rink kudzamva organ zinali zosagwira mtima.

Apa mpamene pamalowa dzina la Bill Butler. Mkuluyu anakulira ku Detroit komwe anaphunzirira skate, anali msilikali wa Air Force, ndipo anafika pa Empire chakumapeto kwa ma 1950. Nkhani yomwe imakambidwa kwambiri ndi yoti anapempha eni ake kuti amuikire mbale ya nyimbo yomwe anabwera nayo m'malo mwa organ, atamuikira anayamba kuvina pa matayala m'njira yomwe anthu apo anali asanaionepo, mawondo opinda, thupi likudumphadumpha motsatira ng'oma, kutembenuka mwadzidzidzi osataya sitepe. Kavinidwe kake ankakatcha jammin', ndipo iyeyo mpaka lero amatchedwa Godfather of Roller Disco.

Nde ndi zoona kuti roller disco, kuvina disco pa ma skate, inabadwira pamenepa?

Ine ndimati eya, koma timvetsetsane. Sikuti tsiku lina kunacha munthu mmodzi nkuipeka. Ku Detroit, ku Chicago ndi mizinda ina anthu akuda ankavina kale pa ma skate, aliyense ndi sitayilo ya kwawo, a ku Chicago mpaka pano ali ndi yawo yotchedwa JB chifukwa imayendera nyimbo za James Brown. Chomwe chinachitika pa Empire nchoti zinthu zingapo zinakumana malo amodzi: anthu odziwa mapazi omwe anali atasula luso lawo kwa zaka pafupifupi 20, DJ m'malo mwa woimba organ, nyimbo za disco zomwe m'ma 1970 zinali zitagwira New York yense, ndiye ndi matayala atsopano a polyurethane omwe ankayenda mofewa osachita phokoso ngati akale aja. Pofika 1979 dziko lonse la America linapenga nayo roller disco, mafilimu, magazini, ma rink atsopano ku Manhattan ndi ku California.

Chomwe chimandinyansa ine nchoti ukaona zithunzi zambiri za nthawi imeneyo umangoona atsikana achizungu a kabudula wonyezimira pa gombe la Venice Beach ku California, ngati kuti zinayambira kumeneko. Masitepe omwe ankaphunzitsidwa m'makalabu odula a ku Manhattan anali atapondedwa kale ku Crown Heights ndi anthu omwe masana ankayendetsa mabasi, kugwira ntchito mzipatala ndi ku positi ofesi. Fashoni ija itazilala m'ma 1980 otchukawo anasiya, eni ake anapitiriza ngati palibe chachitika.

Eti Cher, woimba wotchuka uja, anabwerako?

Anabwera, mu 1979, ku pate ya anthu a makampani a nyimbo za disco, ndipo amene ankamugwira dzanja pa bwalo anali Bill Butler yemweyo. Zithunzi zake zilipo. Usiku umenewo unathandiza kuti atolankhani aidziwe Empire, koma kwa anthu omwe ankapitako sabata ndi sabata sinali nkhani yoti nkumaikamba kawiri.

Bwanji nkhani ya ma skate ku America imangolumikizidwa ndi anthu akuda?

Chifukwa cha tsankho. M'mizinda yambiri, ngakhale ya kumpoto komwe kunalibe malamulo olembedwa a tsankho, ma rink sankalola anthu akuda, kapena ankawapatsa usiku umodzi pa sabata. Malamulo atasintha m'ma 1960 eni ma rink anangosintha maina, usiku uja nkumautcha soul night, kenako adult night, aliyense nkumadziwa kuti akunena ndani. Anthu anatenga usiku umodzi womwewo nkuupanga wawo, nyimbo zawo, kavalidwe kawo, masitepe awo. Ma rink analinso m'gulu la malo omwe anthu ankachitirapo zionetsero zofuna ufulu, ndipo mu 1963 bambo wina dzina lake Ledger Smith anayenda pa ma skate kuchokera ku Chicago mpaka ku Washington, mtunda wa mamailosi pafupifupi 700, kukakhala nawo pa msonkhano waukulu uja Martin Luther King analankhulapo.

Empire kusiyana kwake kunali koti sunali usiku umodzi wopemphetsa. Sabata yonse anali malo awo.

Mkatimo munkakhala bwanji?

Ineyo ndinaiona m'zaka zake zomaliza, m'ma 2000, itakalamba kale, kapeti wa m'mbali atatha, ma locker ena osatseka bwino. Koma ukangodutsa pogulitsira matikiti chinthu choyamba kukulandira chinali bass, yomveka mchifuwa usanaione nkomwe spika. Zokuzira mawu za pamenepo anazikonza Richard Long, katswiri yemwe anapanganso za ku Paradise Garage, kalabu yotchuka ya ku Manhattan, nde sizinali zamasewera. Pansi pa nyimboyo pankamveka phokoso lina losalekeza, matayala mazanamazana akugudubuzika pa matabwa, ngati chigayo chikugaya patali. Ndiye fungo, thukuta, chikopa cha nsapato, ka spray kaja amapopera m'ma skate obwereka, ndi mafuta a tchipisi kuchokera kogulitsira zakudya. Gulu la othamanga likamadutsa pafupi ndi kampanda komwe waima mphepo yake inkakuwomba kumaso.

Masana a Loweruka anali a ana, ma birthday, makolo atakhala pa mabenchi kulondera majekete. Achinyamata anali ndi nthawi yawo. Koma Empire yeniyeni inali usiku wa akuluakulu, pomwe DJ Big Bob amakhala pa makina. Mkulu ameneyu ankadziwa kuti nyimbo yovinira mu kalabu ndi yoyendera pa matayala nzosiyana, ikathamanga kwambiri anthu amabalalika, ikachedwa miyendo imalemera, nde ankaigwira pakatikati mpaka holo yonse izinyamuka ndi kutsika nthawi imodzi. Anthu ankafika ndi zikwama zawo za ma skate, ena atavalabe yunifolomu ya kuntchito, kukhala pa benchi nkuyamba kumanga zingwe mosapupuluma, kathaulo kali m'thumba lakumbuyo. Ndimakumbukira amayi ena a imvi, thupi ndithu, omwe poyenda kuchokera pakhomo ankachita kutsimphina pang'ono bondo likuvuta, koma akangoponda pa matabwa ankatembenuka nkumayenda chambuyo liwiro la galimoto, manja ali m'chiuno, osacheuka olo kamodzi, anyamata nkumawapatuka okha. Palibe ankawaombera m'manja, zinali za masiku onse.

Ndipo ichi nchimene ndimati chinatayika. Panalibe sukulu yeniyeni ya masitepe amenewa. Mwana ankaima pa kampanda kuonerera mapazi a munthu wamkulu, kenako nkumutsatira pambuyo kumakopera, tsiku lina wamkuluyo nkutembenuka kumuuza kuti pinda mawondo, usamayang'ane pansi. Agogo, mwana wawo ndi mdzukulu onse pa bwalo limodzi, ku New York malo otero ndi osowa, kupatula mwina ku tchalitchi.

Panali malamulo pa bwalopo kapena aliyense ankangoyenda mmene wafunira?

Analipo, ena onenedwa ena ongodziwa wekha. Onse amazungulira mbali imodzi, mosemphana ndi kayendedwe ka wotchi, pokhapokha DJ akalengeza kuti tembenukani. Pakati pa bwalo mpa ovina malo amodzi ndi oyeserera masitepe atsopano, othamanga amadutsa chakunja, ongoyamba kumene amakakamira kampanda. Pamakhala ma floor guard a wezulo mkamwa, ntchito yawo kudzudzula othamanga mopusa komanso kuima kumbuyo kwa munthu wagwa kuti ena asamugunde. DJ akati couples only osakhala ndi mnzako umatuluka, akati trio mumagwirana atatu, pena amaitana azimayi okha, pena azibambo okha, pena oyenda chambuyo okha. Kudula mzere wa anthu omwe agwirana akuyenda sitepe imodzi kunali kusowa mwambo kwakukulu, ankakuyang'ana diso loti sudzabwerezanso.

Anthu sankathyoka?

Kugwa nde kunali kwa aliyense, olo akatswiri. Chomwe ankakuphunzitsa tsiku loyamba nchoti ukagwa finya zala msanga usasiye dzanja lili tambalale pansi, chifukwa kumbuyo kukubwera matayala. Zovulala zambiri zinali za pamkono polumikizira dzanja, poti munthu akamagwa amafuna kudzitchinjiriza, ndi kafupa ka kumatako kwa amene waima mowongoka kwambiri mapazi nkuthawira kutsogolo. Ma helmet usiku wa akuluakulu sindinkawaona.

Ma skate ankabwereka pomwepo?

Eya, unkasiya saizi yako pa kauntala nkukupatsa aja a bulauni a matayala a orenji omwe apondedwa ndi mapazi a Brooklyn yense, lina limakokera kumanzere lina kumanja. Munthu akaikonda nkhaniyi ankagula ake. Apa nde pamalowa ndalama, nsapato ya chikopa payokha, chitsulo cha pansi pachokha, ma bearing, matayala. Ovina ambiri ankakonda timatayala tating'ono tolimba toti tizitsetsereka potembenuka, ndipo ankachotsa kabuleki ka labala ka kutsogolo kaja nkuikapo kachotsekera kakang'ono kuti kasamakole pansi povina pa zala. Ukaona munthu alibe kabuleki umadziwa kuti uyu si mlendo.

Bwanji osagwiritsa ntchito aja a matayala a mzere umodzi?

Aja a mzere umodzi, omwe ambiri amangowatcha Rollerblade potengera dzina la kampani, anatchuka m'ma 1990 ndipo ndi abwino pa msewu ndi pa liwiro. Povina anthu amafuna a matayala anayi, awiri kutsogolo awiri kumbuyo. Amenewa anawapanga James Plimpton ku New York konko mu 1863, ndipo nzeru yake inali yoti ukapendekera mbali imodzi matayala amakhota okha. Asanabwere iyeyo kukhota ndi kuima kunali vuto, paja John Joseph Merlin, yemwe amatchulidwa kuti anayambitsa ma skate ku London m'ma 1760, analowa nawo mu pate akuimba violin nkukadziwombetsa pa chigalasi chodula.

Tinamva kuti kunali zachiwawa, nzoona?

Sindibisa, zinkachitika, makamaka nthawi za achinyamata komanso panja potuluka. Kumayambiriro kwa 2007 kunachitika zowomberana ndipo anthu anavulala, nkhani inatuluka m'manyuzi, anthu ena okhala pafupi anali atatopa kale ndi phokoso la usiku. Ma rink ambiri a m'mizinda ya ku America akumana ndi zomwezi, ndipo zikangochitika inshulansi imakwera, apolisi amayamba kuima pakhomo, makolo amaleka kutumiza ana. Koma amene amakamba za Empire ngati malo a zigawenga sanalowemo. Kwa ana ambiri a m'deralo amenewa anali malo oti Loweruka mayi akudziwa komwe mwana ali, ndipo pali akuluakulu omuona.

Nde inatsekedwa chifukwa cha kuwomberanako?

Kunathandizira kuti mbiri iipe, koma chenicheni chinali malo. Nyumbayo inagulitsidwa, Empire inatseka mu April 2007, ndipo mkatimo anagawagawa tizipinda ta storage toti anthu azilipira pa mwezi kusungamo katundu. Tangoganizani masamu ake. Rink imafuna chibwalo chachikulu chopanda zipilala zambiri, magetsi, zoziziritsira, antchito, alonda, inshulansi, ndipo ndalama imabwera ya tikiti yotchipa madzulo ndi pa weekend basi. Storage imafuna munthu mmodzi pa desiki ndi makamera, ndalama nkumalowa mwezi ndi mwezi. Nthawi imeneyo mitengo ya malo ku Brooklyn inali ikukwera moopsa. Anthu anachita zionetsero panja atavala ma skate, anasainira makalata, koma nyumba inali ya mwini wake.

Amene amati anthu anali atasiya kukonda skate akunama, usiku wa akuluakulu unkadzaza mpaka kumapeto. Komanso sinafe yokha. Skate Key ya ku Bronx inatseka mu 2006, Roxy ya ku Manhattan inatseka mu March 2007, patangotsala mwezi umodzi kuti Empire itseke. M'nthawi ya pafupifupi chaka chimodzi chokha mzinda waukulu ngati New York unataya ma rink ake atatu odziwika.

Anthu ake anapita kuti?

Anabalalika. Okhala ndi magalimoto anayamba kuwoloka kupita ku New Jersey, makamaka ku Branch Brook Park ku Newark, ena ku Long Island. Ena ankabwereka ma gym a masukulu ndi a mipingo usiku umodzi pa sabata, kubwera ndi DJ wawo, ngakhale pansi pa basketball sipafanana ndi bwalo lopangidwira matayala. Nyengo yotentha ambiri amakumana ku Central Park komwe kuli gulu lovina pa ma skate pa weekend. Palinso ma skate party akuluakulu omwe anthu amayendera mizinda, Atlanta, Chicago, Detroit, ndipo kumeneko a ku New York amadziwikabe ndi kayendedwe kawo. Amene anataya kwambiri ndi ana ndi okalamba, poti mwana wa zaka 10 sangakwere sitima ziwiri ndi basi usiku kupita ku Newark, pomwe ku Empire ankangoyenda wapansi.

Zithunzi kapena mavidiyo alipo?

Alipo. Wojambula wina dzina lake Patrick Pagnano anajambula zithunzi zokongola kwambiri mkatimo mu 1980, mukasaka dzina lake pamodzi ndi Empire pa intaneti muzipeza, muone kavalidwe kake, zipewa, masuti, ma jean othina. Pa YouTube palinso timavidiyo ta makamera akale ta usiku womaliza, tosaoneka bwino koma mapazi akuoneka. Muziyang'ana mmene bondo likugwirira ntchito, osati manja.

Timavidiyo ta pa TikTok tija nde tikuchokera kumeneku?

Tambiri eya, olo ojambulawo sakudziwa. Mu 2020 nthawi ya Covid anthu atatsekeredwa m'nyumba ma skate anagulidwa mpaka kusowa m'mashopu, ndipo atolankhani ena analemba kuti skate yabwereranso. Akale aja anakwiya nazo, amvekere yabwerera kuchokera kuti, ife sitinasiyepo. Masitepe ngati crazy legs ndi ena omwe mukuwaona pa foniwo ali ndi eni ake omwe ena akadali moyo. Kuphunzira pa foni nkotheka ndithu ndipo sindikunyoza, koma pa foni umaphunzira kuvina wekha pa kamalo kakang'ono kamera ili kutsogolo, pomwe pa rink umayenera kusunga sitepe uli pa liwiro, anthu ali mbali zonse, wina akudutsa chambuyo pafupi ndi phewa lako.

Nditapita ku Brooklyn lero ndingakasewere kuti?

Ku Prospect Park komweko, kufupi ndi pomwe panali Empire, kuli LeFrak Center at Lakeside yomwe inatsegulidwa mu 2013, nyengo yozizira amaikapo ice, yotentha ma skate amatayala. Ina ili pa Pier 2 ku Brooklyn Bridge Park, m'mbali mwa mtsinje moyang'anana ndi Manhattan. Onsewa ndi malo a mphepo, pansi pake si matabwa a maple, nde ngati mukugula ma skate anu funsani matayala ofewerapo, aja olimba a mu holo pamenepo amakugwedeza mpaka mano. Muyambe mwaona pa webusaiti yawo masiku ndi nthawi musananyamuke chifukwa zimasintha ndi nyengo, pena amatseka kukakhala pate ya anthu ena, ndipo mutenge masokosi aatali ngati mukukabwereka.